Spinoza, Hume ndi Nietzsche onse akutchedwa a naturalism, nanga bwanji sakumvana?

Funso: Ndine wophunzira filosofi wa chaka chachiwiri. Atipatsa ntchito yoti tiyerekeze naturalism ya afilosofi a ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Buku lina likuti Spinoza ndi wa naturalism, lina likuti Hume, linanso Nietzsche, koma ndikawawerenga sindikuona pamene akukumana. Spinoza sachotsa dzina la Mulungu pakamwa, Hume akukayikira chilichonse, Nietzsche akukalipira onse. Kodi mawuwa akungotanthauza kusakhulupirira Mulungu? Nanga Kant ali mbali iti?

Yankho: Achimwene, mwasokonezeka chifukwa choti mwawerenga bwino. Anthu atatuwa sakunenadi chinthu chimodzi, ndipo amene angawaike m'dengu limodzi n'kulembapo kuti "osakhulupirira Mulungu" wataya nkhani yonse. Chimene chikuwalumikiza n'chaching'ono koma cholimba: onse akukana kuti munthu ndi mlendo pa dziko lino, wochokera kwina, woyendera malamulo akeake. Akuti ngati mukufuna kumvetsa maganizo a munthu, mkwiyo wake, chikumbumtima chake ndi mapemphero ake omwe, mufufuze monga mumafufuzira mvula, matenda kapena kuyenda kwa mwezi. Kuchokera pamenepo aliyense akulowera njira yake.

Chichewa chathu chikhoza kukuthandizani kuposa Chingerezi pa nkhaniyi. Pamene Angerezi ali ndi liwu limodzi loti nature, ife tili ndi awiri. Tili ndi chilengedwe, kutanthauza zonse zimene zilipo, ndipo tili ndi chibadwa, kutanthauza mmene chinthu chilili kuchokera pobadwa. Liwu la Chilatini loti natura linachokera ku mneni wotanthauza kubadwa, choncho chibadwa ndiye m'bale wake weniweni. Naturalism ya Spinoza ndi ya chilengedwe: akufunsa kuti n'chiyani chimene chilipo. Ya Hume ndi ya chibadwa: akufunsa kuti munthu anapangika bwanji kuti azikhulupirira zimene amakhulupirira. Mukagwiritsitsa kusiyana kumeneku, theka la ntchito yanu latha. Chenjerani chabe ndi liwu loti chilengedwe, chifukwa lanyamula kale mneni woti kulenga, ndipo mukalitchula mwatchula kale Mlengi woima kunja kwa zimene analenga. Mlengi wotereyo ndi amene Spinoza akumukana.

Mkangano wonsewu unayambira pa René Descartes. M'buku lake la Meditationes la mu 1641 iye anagawa munthu pawiri: thupi, limene ndi makina ngati wotchi, ndi maganizo, amene alibe kutalika kapena kulemera ndipo sayendera malamulo a makina. Nyama anati ndi makina okhaokha. Mu 1643 Elisabeth wa ku Bohemia, mwana wa mfumu wa zaka 24, anamulembera kalata kumufunsa funso limene silinayankhidwe bwino mpaka lero: kuti chinthu chikankhe chinzake chimafunika kuchikhudza, nanga chinthu chopanda thupi chingakankhe bwanji dzanja? Descartes ankanena za kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo kuti ndi pamene mzimu ndi thupi zimakumanirana, koma kutchula malo okumanirana sikufotokoza mmene zimakumanirana. Naturalism ya ku Ulaya, m'mitundu yake yonse, ndi kuyesa kusoka pamene Descartes anang'amba.

Thomas Hobbes anasoka mwachidule. Mu Leviathan ya mu 1651 anati chilichonse chimene chilipo ndi thupi, kuganiza ndi kuwerengera basi, kuphatikiza ndi kuchotsera, ndipo mawu oti "chinthu chopanda thupi" akudzitsutsa okha. Koma onani: iye sananene kuti kulibe Mulungu. Atakalamba analemba kuti Mulungu nayenso ali ndi thupi la mtundu wake. Apa mwaona kale kuti naturalism ndi kukana Mulungu si mapasa.

Pa Baruch Spinoza ndikufuna tikhalitse. Anabadwira ku Amsterdam mu 1632, m'banja la Ayuda ochokera ku Portugal. Mu 1656, ali ndi zaka 23, akuluakulu a sunagoge anamuchotsa mumpingo ndi matemberero oopsa, n'kuletsa aliyense kulankhula naye. Anadzidyetsa ndi ntchito yopala magalasi a zipangizo zoonera zinthu zakutali ndi zing'onozing'ono, ndipo anamwalira mu 1677 ali ndi zaka 44. Buku lake lalikulu, Ethica, linasindikizidwa chaka chomwecho iye atapita kale. Analilemba ngati buku la masamu: matanthauzo a mawu, mfundo zoyambira, kenako umboni wa mfundo iliyonse. Limafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kuli chinthu chimodzi chokha chimene chilipo pachokha, chosadalira china. Mukhoza kuchitcha Mulungu, mukhoza kuchitcha chilengedwe, mawu ake a Chilatini ndi Deus sive Natura. Inu, ine, mtengo wa mango ndi nyenyezi ndife maonekedwe a chinthu chimodzicho, monga mafunde alili maonekedwe a nyanja. Maganizo ndi thupi si zinthu ziwiri zofunika mlatho, koma chinthu chimodzi chooneka mbali ziwiri. Choncho musalembe kuti Spinoza ankati zonse ndi thupi monga Hobbes, chifukwa kwa iye kuganiza n'kwenikweni mofanana ndi thupi. Pierre Bayle mu 1697 anamutcha wokana Mulungu, ndipo patapita zaka pafupifupi 100 wolemba ndakatulo wa ku Germany Novalis anamutcha munthu woledzera ndi Mulungu. Onse awiri anawerenga buku limodzi.

Kuti muone mmene maganizo amenewa amalumira, tengani chitsanzo chake chomwe, cha kumapeto kwa gawo loyamba la Ethica. Mwala wagwa kuchokera padenga, wagwera munthu pamutu, munthuyo wafa. Anthu akuti mwalawo unagwa n'cholinga choti umuphe. Inu mukuti ayi, kunali mphepo, ndipo munthuyo ankadutsa pamenepo. Akufunsani kuti, bwanji mphepo inawomba nthawi imeneyo, bwanji iye anadutsa nthawi yomweyo? Mukuti nyanja inayamba kuwinduka dzulo lake, ndipo munthuyo anaitanidwa ndi mnzake. Akufunsaninso kuti, bwanji nyanja inawinduka, bwanji anaitanidwa tsiku limenelo? Sakusiyani mpaka mutathawira ku mawu oti "chinali chifuniro cha Mulungu", amene Spinoza akuti ndi kothawirako umbuli. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a munthu wofa mwadzidzidzi amawadziwa mafunso amenewa, ndipo amadziwa kuti amachokera mu ululu weniweni. Spinoza sakunyoza ululuwo. Akunena kuti mzere wa zoyambitsa ulibe polekezera, ndiponso kuti palibe paliponse pa mzerewo pamene pali cholinga cholunjika kwa munthu wakufayo. N'chifukwa chake m'buku lake la mu 1670 la za chipembedzo ndi ndale anakana zozizwitsa: ngati malamulo a chilengedwe ndiwo chikhalidwe cha Mulungu, chozizwitsa chingakhale Mulungu kudzitsutsa yekha.

Tsopano sinthani chitsanzocho pang'ono. Tinene kuti mwalawo sunagwe ndi mphepo, koma munthu wina anaukankha mwadala. Apa ndi pamene afilosofi athu akusiyanirana, ndipo ndikukulangizani kuti funso limeneli mulifunse kwa aliyense wa iwo.

Spinoza sakubwerera m'mbuyo. Akuti anthu amaona munthu ngati ufumu wokhala m'kati mwa ufumu wina, wosamvera malamulo a dziko lozungulira, koma ufumu woterowo kulibe. Wokankha mwala uja anakankhidwa ndi nsanje, nsanjeyo inali ndi zoyambitsa zake, ndipo sakanachita mwina. M'kalata ina anati mwala woponyedwa, ukanakhala woganiza, bwenzi ukukhulupirira kuti ukuuluka mwa kufuna kwake. Timadzimva aufulu chifukwa timadziwa zimene tikufuna koma sitidziwa chimene chatichititsa kuzifuna. Henry Oldenburg, mlembi wa bungwe la asayansi la Royal Society ku London, anamufunsa ngati zimenezi sizikukhululukira ochimwa onse. Spinoza anayankha ndi chitsanzo cha munthu wopenga chifukwa cholumidwa ndi galu: si kulakwa kwake, komabe anthu ali ndi chifukwa chodzitetezera kwa iye. Chilango chikutsala, koma chidani chikuchoka. Ndipo ufulu umene iye akuulonjeza ndi wa kumvetsa: munthu amene wamvetsa gwero la mkwiyo wake sakokedwanso nawo ngati mbuzi ya pachingwe.

David Hume akufika pafupi ndi pamenepo koma podzera khomo lina, ndipo khomolo ndilo lofunika. Anabadwira ku Edinburgh mu 1711. Buku lake loyamba, A Treatise of Human Nature, analilemba makamaka ku La Flèche ku France, tauni imene Descartes anaphunziramo kwa ansembe a chipani cha Jesuit, ndipo linatuluka mu 1739 ndi 1740. Mutu wake waung'ono ukunena cholinga: kubweretsa njira yoyesa ndi kuona, ija inamuthandiza Isaac Newton, pa nkhani za munthu. Spinoza akuyambira kumwamba, pa tanthauzo la Mulungu, n'kumatsika ndi umboni. Hume akuti njira imeneyo ndi yotsekeka, chifukwa palibe munthu angadziwe mwa kungoganiza chimene chili pansi pa zonse. Mu Treatise momwemo anatsutsa Spinoza ndi mawu owawa.

Tengani tebulo la pool. Mpira woyera wagunda wofiira, wofiirawo wayenda. Mwaona chiyani kwenikweni? Mwaona kuyenda, kukhudzana, kenako kuyenda kwina. Mphamvu yokakamiza mpira wachiwiri kuti uyende simunaione. Nanga n'chifukwa chiyani muli otsimikiza kuti mawa zidzachitikanso chimodzimodzi? Mukati chifukwa zakhala zikuchitika, mwaganiza kale kuti za mawa zimafanana ndi za dzulo, chimene ndi chinthu chomwecho tikufuna umboni wake. Hume akuti umboniwo kulibe. Chimene chilipo ndi chizolowezi: maso aona zinthu ziwiri zikutsatana kambirimbiri, ndipo maganizo akaona choyamba amathamangira okha ku chachiwiri. Ophunzira ambiri amaimira pamenepa n'kunena kuti Hume ndi wokayikira basi. Koma werenganibe. Kumapeto kwa buku loyamba la Treatise akufotokoza mmene kukayika kunamufooketsera, kenako akuti amapita kukadya, amasewera backgammon, amacheza ndi anzake, ndipo akabwerera ku mfundo zija patapita maola atatu kapena anayi zimaoneka zozizira ndi zopanda pake. Chimene nzeru yalephera kuchiteteza, chibadwa chachigwira. Timakhulupirira monga mmene timapumira. Norman Kemp Smith ndi amene mu 1905 anatsindika kuwerenga kotereku m'nkhani yake yonena za naturalism ya Hume, ndipo kuyambira pamenepo liwuli linamumatirira. Onaninso kuti Hume analemba mutu wonse wa nzeru za nyama, kunena kuti galu amene amapewa moto akuphunzira m'njira yomweyo imene ife timaphunzirira. Descartes sakanavomera zimenezo.

Nanga wokankha mwala uja? Hume akuti zochita za anthu zimatsatira khalidwe lawo mokhazikika monga zinthu zina zonse. Mkaidi wopanda ndalama ndi wopanda omuthandiza amadziwa kuti kuuma mtima kwa mlonda n'kolimba ngati khoma, ndipo amasankha kukumba mwala kusiyana ndi kunyengerera mlondayo. Kwa Hume kukhazikika kumeneku sikuchotsa mlandu, koma ndiko kumaupangitsa kukhala womveka, pakuti timadzudzula munthu chifukwa chochitacho chatuluka mu khalidwe lake. Kuipako kuli pati? Akuti yang'anani kupha mwadala mbali zonse, mupeza zolinga, zilakolako ndi maganizo, koma chinthu chotchedwa kuipa simuchipeza mpaka mutayang'ana mumtima mwanu n'kupezamo kunyansidwa. Mphukira imene yakula n'kuphimba mtengo umene unaibala mpaka kuupha sitiitcha chigawenga, koma mwana wopha bambo ake timamutcha choncho. Kusiyanako kuli mu chibadwa chathu chomvera anzathu chisoni.

Sindingadutse pa Hume osanena chinthu chimene chimandiwawa nthawi zonse ndikamamuphunzitsa. M'nkhani yake ya makhalidwe a mitundu ya anthu anawonjezeramo mawu a m'munsi, m'zaka za m'ma 1750, onena kuti akuganiza kuti anthu akuda ndi otsika mwachibadwa poyerekeza ndi azungu. Kant anabwereza maganizo amenewa mu 1764 akumutchula Hume. James Beattie anamutsutsa mu 1770 Hume adakali moyo, ndipo mu 2020 yunivesite ya Edinburgh inachotsa dzina lake pa nyumba ina yaitali chifukwa cha mawuwa. Liwu loti mwachibadwa ndi lakuthwa, ndipo lagwiritsidwa ntchito kumangira anthu unyolo. Koma taonani kuti Hume apa anaphwanya lamulo lake lomwe loti chikhulupiriro chizilingana ndi umboni. Umboni wotsutsa unalipo. Mu 1734, zaka zisanu Treatise isanatuluke, Anton Wilhelm Amo, wobadwira dera la Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, analandira digiri ya udokotala wa filosofi ku Wittenberg. Nkhani yake inali pa funso lomweli la thupi ndi maganizo, ndipo anatsutsa Descartes ponena kuti kumva ululu kapena kutentha ndi kwa thupi lamoyo, osati kwa maganizo. Pambuyo pake anaphunzitsa ku Halle ndi ku Jena. Ngati muli ndi malo mu ntchito yanu, mutchuleni.

Mwafunsa za Immanuel Kant. Iye si wa naturalism, koma popanda iye simungaone malire ake. Sankadana ndi sayansi: mu 1755 anafotokoza mmene dzuwa ndi mapulaneti zikanapangikira kuchokera ku mtambo wa fumbi mwa malamulo a Newton okha. Anavomereza yekha mu 1783 kuti Hume ndiye anamudzutsa ku tulo. Koma yankho lake m'buku lalikulu la mu 1781 ndi lakuti lamulo la choyambitsa ndi chotsatira sitinalitole m'chizolowezi. Ndi maganizo athu amene amalibweretsa, ndipo popanda lamulolo sitikanatha n'komwe kusiyanitsa chinthu chochitika ndi maloto. Choncho chilengedwe chimene sayansi imachiphunzira ndi dziko monga limaonekera kwa ife, ndipo m'dziko limenelo chilichonse chili ndi choyambitsa, kuphatikizapo dzanja la wokankha mwala. Kant akupereka chitsanzo cha munthu wonena bodza lanjiru. Fufuzani, akutero, mupeza kuleredwa koipa, anzake oipa, mtima wosamva manyazi. Mwafotokoza zonse. Komabe mumamudzudzula ngati kuti zonsezo palibe, ngati kuti pa mphindi imeneyo akanatha kunena zoona. Mu 1788 anawonjezera chitsanzo china: mfumu ikuuza munthu kuti apereke umboni wabodza wophetsa munthu wosalakwa, apo ayi apachikidwa. Mwina munthuyo sangalonjeze kuti akana, koma akudziwa kuti akhoza kukana, chifukwa akudziwa kuti ayenera. Ufulu wongochita zimene khalidwe lako lakukonzera Kant anauyerekeza ndi ufulu wa chipangizo chotembenuza nyama pamoto, chimene ukachipukusa chimayenda chokha.

Ena a m'zaka zimenezo ndiwadutsa msanga. Mwa afilosofi a ku France, La Mettrie mu 1747 anati munthu ndi makina, ndipo d'Holbach mu 1770 anachotseratu Mulungu ndi mzimu. Awa ndi amene akufanana ndi tanthauzo limene munali nalo poyamba. Chimene chinasintha nkhani kwambiri ndi Charles Darwin. Kant mu 1790 anati sipadzapezeka Newton wofotokoza ngakhale tsamba limodzi la udzu popanda kutchula cholinga. Mu 1859 Darwin anasonyeza mmene zamoyo zingaoneke ngati zokonzedwa popanda wozikonza, ndipo mu 1871 anaikamo munthu ndi chikumbumtima chake. Kuyambira pamenepo chibadwa chinasiya kukhala chinthu chokhazikika, chinakhala ndi mbiri.

Friedrich Nietzsche akulowa apa. Mu July 1881 analembera mnzake Franz Overbeck mosangalala kuti wapeza womutsogolera, Spinoza, amenenso anakana ufulu wosankha, zolinga m'chilengedwe ndi dongosolo la chilungamo loyendetsa dziko. Mu 1886 analemba kuti ntchito yake ndi kumasulira munthu kumubwezera m'chilengedwe. Koma chilengedwe chake si cha Spinoza, chimene ndi chadongosolo ngati masamu. Nietzsche anachenjeza kuti ngakhale mawu oti malamulo a chilengedwe ndi mthunzi wa Mulungu, popeza palibe wolamula ndipo palibe womvera. Akusiyananso ndi Hume. Hume atayang'ana mumtima n'kupeza kunyansidwa ndi kupha, anaima pomwepo n'kunena kuti ndi chibadwa. Nietzsche akufunsa kuti kunyansidwako kunachokera kuti, kunaphunzitsidwa ndi ndani, kunkathandiza yani. M'buku lake la mu 1887 la chiyambi cha makhalidwe anati kwa nthawi yaitali anthu ankalanga osati chifukwa wolakwayo akanatha kuchita mwina, koma ngati kubweza ngongole: wandipweteka, ulipira ndi ululu. Anasonyeza kuti m'Chijeremani liwu la kulakwa, Schuld, ndi la ngongole, Schulden, ndi amodzi. Inu amene munakula mukupemphera kuti "mutikhululukire mangawa athu" mukumva msanga chimene akunena, ndipo mukudziwanso kuti kwa amfumu mlandu umatha ndi kulipira. Kaya akulondola pa mbiri yonseyo ndi nkhani ina, pakuti zambiri analemba mongoganizira, wopanda umboni umene wasayansi angaufune.

Maganizo anga ndi awa. Mwa onsewa, njira ya Hume ndi imene yapirira, chifukwa siilonjeza zimene singathe kupereka, ndipo ofufuza za ubongo ndi khalidwe lero akuyenda m'mapazi ake. Spinoza ndi amene amandikhudza mtima kwambiri, koma nyumba yake yonse yaima pa matanthauzo a tsamba loyamba, ndipo amene sanawavomereze alibe chomukakamiza kulowa. Kant sindimutsatira pamene akuika ufulu kuseri kwa dziko looneka, chifukwa pamenepo mng'alu wa Descartes wabwereranso. Koma funso lake likadali chilili. Kufotokoza chimene chachititsa munthu kukhulupirira chinthu si kusonyeza kuti chinthucho n'choona. Mwana akalemba kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 13, ubongo wake wayenda mwa malamulo a chilengedwe mofanana ndi wa mnzake amene walemba 12. Mwa malamulo amenewo palibe amene waphonya, koma mphunzitsi achonga mmodzi yekha. Afilosofi a ku Germany Gottlob Frege mu 1884 ndi Edmund Husserl mu 1911 anamenya nkhondo pa mfundo imeneyi, ndipo wa naturalism aliyense ayenera kunena kumene kuchonga kumeneko kukuchokera.

Polemba ntchito yanu, musawandandalike mwa zaka zawo ngati kaundula. Aikeni onse pansi pa denga lija, mwala utagwa kale, muwafunse kawiri, poyamba mphepo itaugwetsa, kenako munthu ataukankha. Masamba oti muwerenge ndi ochepa: mawu omaliza a gawo loyamba la Ethica ndi mawu oyamba a gawo lachitatu, mutu wa ufulu ndi kukakamizika m'buku lina la Hume lotchedwa Enquiry la mu 1748, ndime ya bodza lanjiru m'buku la Kant la mu 1781, ndi nkhani yachiwiri ya buku la Nietzsche la mu 1887. Onsewa pamodzi mukhoza kuwamaliza Loweruka ndi Lamlungu limodzi.